Mitsempha Itatsekeka Kunatsala Ntchafu

Monire mose. Yewo, yewo chomene. Abusa, akulu a mpingo, amayi, ndi inu alendo athu a kwayala ochokera ku Kasungu, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Chifukwa cha alendowa ndilankhula Chichewa. Chichewa changa n'cha m'kalasi. Chikatsimphina penapake musaseke kwambiri, pajatu ambiri a inu ndinakukwapulani ndine pa Chichewa chomwechi.

Mundilole ndilankhule nditakhala pansi. Mwendo uwu sufuna kuima nthawi yaitali, ndipo chifukwa chake muchimva.

Kwa amene simundidziwa, ndine Gondwe, mphunzitsi wopuma ntchito, wa konkuno ku Katowo. Ndikuona ena mukundiyang'ana ngati mwaona mzukwa. Ndine ndithu. Munamva kuti Asambizgi, monga mumanditchulira kuno, atha ku Lilongwe. Sindinathe. Ena munamvanso zina, zija zonong'onezana kuchigayo. Zimenezonso ndabwera kuti muzimve kuchokera pakamwa panga.

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wamphamvu. Mukukumbukira. Njinga yanga ija inkadziwa chitunda chilichonse cha kuno. Ndinkaphunzitsa m'mawa, masana ndili kumunda, Lamulungu ndili paguwa. Mulungu anandipatsa mkazi wabwino, NyaKumwenda. Anatipatsa mwana mmodzi yekha, Yotamu. Mmodzi yekha, koma ankadzaza nyumba. Yotamu atakula anapita kunyanja kukagula usipa wa malonda, ndipo anabwerako ndi usipa ndi mbiri ya mtsikana wa ku Mlowe. Tinapita, tinalowola, tinabwera naye. Ndi NyaMsiska, wakhala kumbuyo uko pakati pa amayi.

Alendo athu, inu mumati mpongozi kapena mtengwa. Ife kuno timati mkamwana. Ndipo kuno mkamwana ndi apongozi ake aamuna ndi anthu otalikirana. Sakhala pafupi. Sadyera pamodzi. Sayang'anana m'maso. Ine ndikamabwera m'njira, iye ankapatukira m'tchire n'kugwada mpaka ndidutse. Akandibweretsera madzi, ankawaika pansi chapatali, ine n'kudzitengera. Ndikafuna kumuuza kanthu ndinkauza mkazi wanga, iye ali pomwepo akumva. Si chidani ayi. Ndi ulemu. Ndinakulira m'menemo, ndipo ndinkaukonda ulemu umenewo.

Kenaka imfa inaphunzira njira ya kunyumba kwanga. Inayamba ndi NyaKumwenda. Tisanapukute misozi bwinobwino, matola amene Yotamu anakwera ndi matumba ake a usipa anaduka mabuleki pa chitsikira cha Chiweta. Mwana wanga! Mwana wanga mmodzi yekha! Ambiri a inu munanyamula nawo bokosi lake. Sindibwerezanso.

Maliro atatha, abale a NyaMsiska anabwera kuchokera ku Mlowe kuti amutenge. Anali akadali wamng'ono, akanakwatiwanso. Ine sindinaletse. Iye ndi amene anakana. Anati ana ake awiri akulire pamene pali manda a bambo awo. Tinatsala pabwalo limodzi anthu awiri amene mwambo sutilola kuyang'anana. Amene ankatilumikiza onse anali kumanda.

Matenda a shuga ndi bipi ndinali nawo kuyambira kale. Shuga anayamba kundidya maso, zilembo za m'Baibulo zinayamba kusungunuka. Kenaka miyendo inatupa. Nsapato zinandikana. Chakudya chilichonse chinkanunkha chitsulo, ndikadya n'kusanza. Ndikagona chagada mpweya unkathawa. Kuchipatala cha paboma ananditumiza ku Mzuzu. Ku Mzuzu anati, "Bambo, impso zanu zasiya ntchito. Mukufunika makina osefa magazi, ndipo makinawo ali ku Lilongwe." Kuno kumpoto kunalibe.

Nanga ndipita ndi yani? Mchemwali wanga ndi wokalamba kuposa ine. Abale aamuna, wina ali ku Joni, wina ndi wa ndodo. NyaMsiska anasiya ana kwa mchemwali wangayo, anamanga mapoto m'chitenje, n'kukwera basi. Anakhala kumbuyo kwenikweni, ine kutsogolo. Ulendo wonse wa ku Lilongwe sitinalankhulane.

Abale, ndikufotokozereni pang'ono, pakuti uphunzitsi suchoka m'magazi ngakhale atawasefa chotani. Impso ndi sefa ya thupi. Zikafa, zoipa zimadzaza m'magazi. Makina aja, amati dayalisisi, amatulutsa magazi ako, kuwasefa, n'kuwabwezera. Kawiri pa sabata, maola ambirimbiri utagona. Koma makina amafuna khomo. Khomo loti magazi atulukire ndi kubwererapo mothamanga. Moyo wa munthu wa pa makina uli pa khomo limenelo. Khomo likatsekeka, makina angakhale atsopano chotani, sakufika.

Khomo langa loyamba linali apa, pakhosi kumanja. Anabaya n'kulowetsa kapaipi mumtsempha waukulu wopita kumtima. Kanali kulendewera ngati ndolo yosokera. Koma kanandipulumutsa. Nditachoka pa makina tsiku loyamba ndinapuma ngati munthu. Patapita nthawi kapaipi kanalowa tizilombo, ndinanjenjemera kuposa malungo. Anakachotsa, anaika kena pansi pa fupa ili. Nako kanatsekeka. Anapita kumanzere. Kenaka kumanjanso. Sindikuimba mlandu munthu aliyense, mundimvetse. Popanda timapaipi timeneto ndikanafa sabata yoyamba. Koma kalikonse kankasiya chipsera m'kati, kumene diso siliona.

Tinapeza tizipinda tiwiri ta lendi ku Mchesi. Alongo ake a NyaMsiska ankatumiza usipa pa basi, iye n'kumagulitsa pamsika, ndi umene unkatidyetsa. Ine usipawo anandiletsa. Mchere anandiletsa. Nthochi anandiletsa. Ngakhale madzi, abale! Madzi! Munthu wopanda impso akamwa kwambiri amamira m'kati. Anandiuza kuti kabotolo kamodzi kakang'ono, kameneko ndi ka tsiku lonse. Dzuwa la Lilongwe, iwe uli ndi kabotolo kamodzi. Ndinkagona n'kumalota mitsinje yozizira yotsika ku Nyika.

Tsiku lina adokotala anati, "A Gondwe, tikupangani fisitula." Ine ndinati, "Adokotala, pepani, ine ndine mwamuna." Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati si ija ya amayi ayi. Iyi ndi yolumikiza mitsempha iwiri ya pamkono, wobweretsa magazi ndi wobweza, kuti umodzi ukule n'kukhala khomo lokhazikika. Ndilo khomo labwino koposa. Anandipanga pamkono uwu wamanzere. Itakhwima, ukagwirapo pankanjenjemera ngati m'kati muli njuchi. Anachotsa kapaipi ka pakhosi. Abale, tsiku limenelo ndinadzithira madzi kuyambira kumutu! Ndinaimba m'bafa. Ndinati mavuto atha.

Sanathe.

Mkono unayamba kulemera. Unatupa. Unatupabe. Wotchi inakana, malaya anakana, jekete ndinkangoikoleka paphewa. Zala zinali ngati chinangwa. Kenaka khosi. Kenaka nkhope. M'mawa ndinkadzuka maso atatsekeka. Pachifuwa panatuluka mitsempha yobiriwira yokhotakhota. Pa makina akazula singano, magazi sankaleka msanga. Makina nawo ankangolira, kulira, kulira, anamwino n'kumathamangira kwa ine.

Anandithira mankhwala mumtsempha n'kundijambula. Dokotala wathu anali mayi, wamng'ono, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa. Anakoka mpando n'kukhala pafupi. Dokotala akakoka mpando, dziwani kuti nkhani si yabwino.

Anati, "Bambo, mitsempha ikuluikulu ya m'chifuwa, imene imabwezera magazi kumtima, yaphinjika chifukwa cha zipsera za mapaipi aja. Fisitula ikutumiza magazi ambiri, koma kutsogolo njira yachepa. N'chifukwa chake akubwerera m'mkono ndi kunkhope."

Ndinamvetsa. Ndinaonapo ngalande ya pansi pa msewu itadzaza mchenga, madzi n'kusefukira m'minda ya anthu. Ndinati, "Ndiye tsegulani."

Anati, "Njira ilipo. Amalowetsa kawaya kokhala ndi kabaluni kunsonga, n'kukafufumitsa pamene paphinjikapo. Nthawi zina amasiyapo kachitsulo kogwiriza. Koma zipangizo zake pano tilibe. Ndi za kunja. Tikhoza kukupemphererani, koma odikira ndi ambiri, komanso nthawi zambiri pamadzatsekekanso. Inu simungadikire."

Ndinati, "Mkono winawu ulipo."

Anati, "Kumanjako nako kwaphinjika. Tikapangako fisitula, mutupa mbali zonse."

Ndinati, "Ndinamva kuti ena amasefera m'mimba."

Anati, "Zoona. Amaika paipi pamimba n'kumathira madzi apadera. Koma inu anakung'ambani pamimba kale, m'kati muli zomatirirana. Sizigwira bwino."

Zinali zoona. Matumbo anandipota ndili mnyamata. Kenaka ndinafunsa kuti, "Ndiye kwatsala chiyani?"

Anati, "Kwatsala kumunsi. Mitsempha ya m'miyendo imapita kumtima kudzera njira ina, imeneyo ili bwino. Titseka fisitula kuti mkono uphwe. Tiika paipi mumtsempha wa m'mphechepeche, n'kuidutsa pansi pa khungu kuti itulukire pantchafu. Koma malo amenewo tizilombo sitichedwa kulowa. Pakufunika munthu woti aziyang'anapo tsiku lililonse. Ngati bandeji yanyowa, ngati pafiira, ngati pali mafinya. Inu maso anu saona bwino, mkono umodzi sukugwira ntchito. Gadiyani wanu uja ndi mwana wanu?"

Ndinati, "Ndi mkamwana wanga."

Anati, "Chabwino, timuphunzitsa."

Chabwino! Anangoti chabwino, ngati akunena za kuphika tiyi. Abale anga a kuno, inu mukumvetsa. Munthu amene chala changa sanachigwirepo. Munthu amene nkhope yanga ankaidziwira pa chithunzi cha pakhoma. Mkazi wa mwana wanga Yotamu. Aziona ntchafu yanga? Tsiku lililonse? Ndinamva ngati andivula pakati pa msika.

Ndinati, "Adokotala, zikomo. Mwayesetsa. Ine ndikupita kwathu."

Anati, "Bambo, mukudziwa tanthauzo lake? Popanda makina simutha milungu ingapo."

Ndinati, "Ndikudziwa. Ndinali mphunzitsi."

Nditafika ku Mchesi ndinakhala m'chipinda changa, n'kulankhula ndikuyang'ana khoma monga mwa nthawi zonse. Ndinati, "Amene ali kunjako amve. Tilongedze. Kuchipatala atilephera. Ndikufuna ndikagone pafupi ndi NyaKumwenda ndi Yotamu." Chifukwa chenicheni sindinanene. Ndikananena bwanji? Ngakhale liwu loti ntchafu silikanatuluka pakamwa panga iye akumva. Kenaka ndinamva, "Yewo, adada." Basi.

Pamenepo ndiye pansi penipeni pamene ndinafika. Tsiku la makina linakwana, sindinapite. Ndinagona pamphasa, mkono uli pa pilo ngati mwana wa munthu wina. Mpweya unayambanso kuchepa. Ndinapemphera, koma silinali pemphero labwino. Ndinati, "Ambuye, munatenga mkazi. Munatenga mwana. Munatenga maso. Munatenga impso. Mwatseka khosi, mwatseka mikono. Chinthu chimodzi chimene chanditsalira ndi ulemu wanga. Chimenechi ndiye sindipereka. Ndipheni ndili wovala." Ndinalira, abale. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ndinalira ngati khanda. Ndinkaopa kufa. Ndisakunamizeni, ndinkaopa kwambiri. Koma manyazi ndinkawaopa koposa.

Kunjako sindinamve mapoto akumangidwa.

Tsopano ndikuuzeni za mnzanga. Pa makina oyandikana ndi anga pankagona Che Amidu, telala wa ku Salima, Msilamu. Munthu woonda, wa pakamwa posatseka. Anayamba makina ine ndisanabwere. Tinkakangana za Baibulo ndi Korani mpaka anamwino kutiopseza kuti atilekanitsa. Ankanditcha Che Mphunzitsi. Ankati, "Magazi anu ndi anga akusambira m'bafa limodzi, ndiye kumwamba tikasiyana bwanji?"

Nditajomba ku makina kuja, masana a tsiku lotsatira ndinamva sikuta ya kabaza itaima, kenaka mawu aja. "Odi kuno! Akuti kuno kuli Mtumbuka wothawa sukulu!" Analowa akutsimphina, jumbo ili m'manja. Anakhala pakhomo penipeni, pakati pa chipinda changa ndi khonde. NyaMsiska anali atagwada pakhondepo.

Anati, "Che Mphunzitsi, lero sindinabwere ngati mnzanu. Mayi awa apita kuchipatala, anamwino awauza zonse. Ndiye akuti kwanu nkhani yolemera sipita yokha, imafuna thenga. Abale anu ali kutali. Andipempha ine. Ndine thenga wa ku Mlowe wochokera ku Salima."

Ndinafuna kukwiya, mphamvu panalibe. Ndinati, "Nenani."

NyaMsiska analankhula motsitsa, Che Amidu n'kumabwereza mokweza, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino. Chipindacho chinali chaching'ono ngati khola la nkhuku.

"Akuti, adada, katundu sindimanga."

Ndinati, "Muuzeni kuti si iye wolamula."

"Akuti, ndamva. Koma sindimanga."

Ndinati, "Muuzeni kuti mwambo sindinaupange ndine."

NyaMsiska analankhulanso. Che Amidu nthabwala zinamuthera. Anabwereza pang'onopang'ono.

"Akuti, ana anga ndinawauza kale kamodzi kuti bambo awo sabweranso. Ndinawauza ndekha, ndi pakamwa panga. Akuti, tsopano ndikawauze kuti agogo awo afa. Akandifunsa kuti chawapha n'chiyani, ndikayankhe kuti chiyani? Ndikati maso anga?"

Abale ndi alongo. Maso anga. Ine ndinkaganiza kuti ndikumulemekeza. Ndinkaganiza kuti ndikafa ndamupulumutsa ku manyazi. Osadziwa kuti ndikumusenzetsa mtembo wanga moyo wake wonse.

"Akutinso," anapitiriza Che Amidu, "ndakugwadirani zaka zonsezi ndipo sindinatope. Ndikufuna ndizikugwadiranibe. Koma manda sayankha yewo."

Che Amidu anatembenukira kwa ine. Kenaka anati, "Thenga watha ntchito. Tsopano alankhule telala." Anatambasula mwendo wake. Pa buluku lake, pantchafu, panali kachigamba ka makona anayi kotseka ndi mabatani. Ndinkakaona nthawi zonse ndi maso anga ofookawa, ndinkayesa thumba. Anamasula mabatani. M'kati munali bandeji yoyera ndi kapaipi. China chilichonse chinali chobisika.

Anati, "Mumayesa manyazi ndi a Atumbuka okha? Ife kuyambira pamchombo mpaka m'mabondo sitionetsa. Khosi langa linatsekeka kalekale. Atanditengera kuntchafu ndinadzisokera zenera. Paipi imalowera kumtunda, inde, koma kumeneko amaona madokotala okha tsiku loika. Potulukira ndi apa, pakati pa ntchafu. Woyang'ana amaona bala, saona munthu."

Anatsegula jumbo ija n'kutulutsa buluku lakuda. Ndinaligwira, ndinalizindikira. Buluku langa la Mgonero! Limene ndinkavala pogawa mkate pa gome ili! NyaMsiska analitenga m'sutikesi osandipempha, Msilamu n'kulidula ndi lumo, n'kusokapo zenera ngati lake. Ndinati, "Mwandiphera buluku." Che Amidu anati, "Kuli bwino buluku kusiyana ndi mwini wake. Mabataniwo ndi ochokera pa mkanjo wanga, musawataye."

Ndinaseka. Ndinaseka ndikulira. Ndipo m'kati mwa kusekako ndinamva ngati Ambuye akundifunsa kuti, "Gondwe, unati ndikuphe uli wovala. Nanga ndikakusunga uli wovala, ukana?"

Komabe mwambo ndi mwambo, sulumphidwa ngati ngalande. Kwathu kuno, mkamwana akati ayandikire kwa apongozi, apongoziwo amayamba amupatsa kanthu. Nkhuku, kaya mbuzi. Kumeneko ndiko kumutsegulira njira. Ine ku Mchesi ndinalibe nkhuku. Ndinalibe ngakhale dzira. Ndinapapasa pambali pa mphasa. Dzanja linagwira kabotolo kanga ka madzi a tsiku limenelo. Munali mutatsala theka, ndipo kukhosi kwanga kunali gwaa. Pa zonse za padziko, chuma changa chinali chimenecho.

Ndinati, "Che Amidu, sunthani pakhomopo." Anasuntha. Ndinati, "Mkamwana, lowa." Analowa chogwada. Ndinathira madzi aja m'kapu yanga, ndinamupatsa m'manja. Osati kuika pansi ayi. M'manja. Ndinati, "Nkhuku ndilibe. Imwa." Iye ankadziwa kuti madzi amenewo ndi chiyani kwa ine, pakuti ankandiyezera ndi iyeyo m'mawa uliwonse. Anamwa onse. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Nkhope yoyamba ya apongozi ake imene anaiona pafupi inali yotupa ngati dzungu. Sanatembenuke.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Anaika paipi m'mwendo uwu wamanja. Pambuyo pake anatseka fisitula. Nditadzuka ndinagwira pamkono, njuchi ija inali itasiya kulira. Zinandipweteka mtima, ndisabise. Linali khomo langa labwino. Koma pang'onopang'ono mkono unaphwa. Nkhope inabwerera. Iyi mukuionayi, si yokongola, koma ndi yanga.

M'mawa woyamba kunyumba, NyaMsiska anasamba m'manja ndi sopo monga anamuphunzitsira. Anagwada. Anamasula mabatani. Ine ndinayang'ana kudenga n'kumawerenga malata. Thukuta linali kamukamu. Iye anati, "Pali bwino, adada." Anatseka. Basi. Dziko silinagwe. Denga silinagwe. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndi mawu omwewo. Tsiku lina sananene. Anati, "Adada, pafiira. Tiyeni." Ine sindinkamva kupweteka kulikonse, ndinafuna kukana. Tinapita. Adokotala anati tizilombo tinali titangoyamba, anathana nato ndi jakisoni paipi isanaonongeke. Ndikanakhala ndekha ndikanadziwa mochedwa.

Ndikanakonda umboni uthere pamenepa. Koma Che Amidu kulibe. Paipi yake ya kumanja inatsekeka, anapita kumanzere. Ya kumanzere inalowa tizilombo. Madokotala anafufuza paliponse, khomo silinapezeke. Makomo onse anali atatha. Ndinapita kukamuona kuwodi. Anali atatupa, akupuma movutika, koma pakamwa panali pomwepo. Anati, "Che Mphunzitsi, ine nditsogole ndikaone amene ankanena zoona pakati pa inu ndi ine. Koma musafulumire kubwera kudzafunsa." Abale ake anamutengera ku Salima, anakafera kwawo. Sabata yomweyo pa makina ake anagonekapo munthu wina. Ndimatembenukabe kuti ndimuyambe mkangano. Ndamusowa. Ndamusowa chomene.

Ndiye umu ndi mmene ndikukhalira. Sindinachire. Musapite kukanena kuti Asambizgi achira. Impso zinafa ndipo n'zakufabe. Kawiri pa sabata ndili pa makina. Kusamba n'kodzipukuta, madzi asafike pa bandeji. Za kabaluni kunja kuja yankho silinabwere. Adokotala akuti akabwera madokotala a mitsempha, mwina adzandiikira mtsempha wopanga pansi pa khungu la ntchafu, kuti paipi isamalendewere. Mwina. Zikapanda kutero, mwendo wamanzere ulipo. Ukadzatha umenewo, ndidzapita njira ya mnzanga. Ndikudziwa, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Koma adzukulu anga ndawaona dzulo. Wamkulu watalika kundiposa. Akuyenda ngati Yotamu. Ndikanabwera nthawi ija, bwenzi akulima udzu pamanda anga.

Inu a shuga ndi bipi, kayezetseni impso. Akakuuzani kuti zikufooka, musathawe. Pemphani akukonzereni mkono nthawi ikadalipo, khosi lisanabayidwebayidwe. Ine ndinafika mochedwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa loipa lija. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino. Ndikuthokoza mchemwali wanga wosunga ana. Ndikuthokoza a ku Mlowe chifukwa cha usipa umene sindinaulawe. Ndikuthokoza inu amene munkatipempherera.

Tsopano kwa inu a kuchigayo. Zonong'ona zanu zinafika ku Lilongwe, musadabwe, mawu amakwera basi osalipira. Akuti mkamwana wa Gondwe wataya mwambo. Akuti akuona zosayenera kuona. Akuti amayi ena safuna kukhala naye pa benchi imodzi. Lero ndaona ndekha, ndi maso anga ofookawa, kuti pambali pake pali malo. Ine masiku anga ndi owerengeka, sindidzakhalapo kuti ndimuyankhire. Ndiye ndikuyankha lero, pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo. Inde, amaona. Amaona bala. Ndinamulola ndine, mwa mwambo, thenga alipo. Amene ali ndi mlandu ndi mayi ameneyu abwere kwa ine ndikadali moyo. Mawa m'mawa tikukwera matola, Lachiwiri ndiyenera kukhala pa makina. Muli ndi lero lonse. Likadutsa lero, pakamwa panu patsekeke.

Chomaliza. Kuyambira tsiku limene tinamutenga ku Mlowe, dzina limene mayi ake anamupatsa silinatulukepo pakamwa panga. Mpongozi satchula. Koma bambo amatchula. Sindifuna kufa ndisanalitchule.

Towera. Towera, mwana wanga. Usagwade, imirira anthu akuone.

Yewo chomene, mwana wanga. Yewo.

Ambuye alemekezeke. Amen.